Kusamuka ndi Kuchuluka kwa Anthu M'chigawo cha Tete: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ana a sukulu za sekondale, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi alimi a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize. Tayamba ndi osavuta, kenako tikulowa m'kati mwa nkhani. Yankho likakhudza zimene tanena kale, tikulozerani funso lake.

Kodi m'chigawo cha Tete muli anthu angati?

Kalembera womaliza, amene bungwe la boma loona za ziwerengero la INE linachita mu Ogasiti 2017, anapeza anthu oposa pang'ono 2.6 miliyoni m'chigawo chathu. Dziko lonse la Mozambique linali ndi anthu pafupifupi 27.9 miliyoni, kutanthauza kuti pa anthu 10 alionse a m'dziko muno, pafupifupi mmodzi amakhala ku Tete. Mu 2007 tinalipo pafupifupi 1.8 miliyoni, ndipo mu 1997 tinangopitirira pang'ono 1.1 miliyoni. M'zaka 20 zokha chiwerengero chinawirikiza kawiri n'kupitirira. Lero tachulukanso kuposa apo, chifukwa papita zaka kuchokera pamene tinawerengedwa.

Chimakweza kapena kutsitsa chiwerengero cha anthu n'chiyani?

Zinthu zake ndi zinayi basi: obadwa, omwalira, obwera ndi ochoka. Mukatenga obadwa m'chaka n'kuchotsapo omwalira, zotsalazo ndi kuchuluka kochokera m'mabanja mwathu momwemu. Mukatenga obwera n'kuchotsapo ochoka, zotsalazo ndi kuchuluka kobwera ndi kusamuka. Mukaphatikiza ziwirizi mwapeza mmene dera lakulira kapena kuchepera.

Nyakwawa aliyense amadziwa zimenezi ngakhale sanaziphunzire m'kalasi. Amadziwa nyumba zimene mwabadwa ana chaka chino, maliro amene aika, akamwini amene alowa m'mudzi ndi anyamata amene apita kutauni. Kalembera amachita zomwezo, koma pa dziko lonse.

Kodi si obwera amene achulukitsa anthu kuno?

Funso ili limabwera kwambiri, makamaka kuchokera kwa anthu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, ndipo nthawi zambiri limabwera ndi mkwiyo. Yankho lake ndi lakuti obwera awonjezerapo ndithu, koma gawo lalikulu ndi ana athu omwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pakati pa 2007 ndi 2017 chigawo chinawonjezera anthu oposa 800,000. Dziko lonse nthawi imeneyo linkakula ndi anthu pafupifupi 2.8 pa 100 alionse pachaka, ndipo kukula kwa dziko lonse kumachokera makamaka ku kubereka. Tete akanangokula pa liwiro lomwelo, akanawonjezera anthu oposa 500,000. Apa mwaona kale kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuchuluka kwathu safuna mlendo kuti afotokozedwe. Ndipo poti mabanja akumidzi kuno amabereka ana ambiri kuposa a m'mizinda ngati Maputo, gawo la obadwa liyenera kukhala lokulirapo.

Chimene chimasokeretsa anthu n'chakuti obwera amaonekera. Amaunjikana malo amodzi, amayankhula china, ena amayendera galimoto za kampani. Mwana wobadwira kumudzi ku Furancungo saonekera kwa munthu wa mumzinda, komatu naye akufuna malo kusukulu, katemera kuchipatala, ndipo pakatha zaka 18 adzafuna munda. Ife tikuona kuti kuloza chala alendo pa vuto lililonse la malo kumachedwetsa kukambirana zimene zili m'manja mwathu. Onaninso funso la ana ambiri m'munsimu.

N'chifukwa chiyani kumapiri anthu ali thithithi pamene kwina mumayenda mtunda wautali osaona mudzi?

Anthu amatsata mvula ndi nthaka. Chigawo chonse ndi chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 100,000, ndiye mukagawa mofanana pamakhala anthu ngati 26 pa sikweya kilomita imodzi. Koma sitinagawike mofanana. Ku Angónia, boma lokhala ndi anthu ambiri kuposa ena onse m'chigawo muno, amaposa 100 pa sikweya kilomita, pamene ku Zumbo ndi ku Marávia safika ngakhale 10.

Mapiri a Angónia ndi Tsangano ndi ozizira, mvula imagwa yokwanira, ndipo chimanga, nyemba, kachewere, soya ndi fodya zimachita bwino. Ku Tsangano amalima ngakhale tirigu. Kum'mwera kwa Zambezi, ku Changara, Marara, Cahora Bassa ndi Magoé, kumatentha koopsa, mvula ndi yochepa ndiponso yosadalirika. Kumeneko anthu amadalira mapira, mchewere, mbuzi, ng'ombe ndi madimba a m'mbali mwa mitsinje, ndipo banja limodzi limafuna malo aakulu kuti lidye.

Lero kumapiriko minda yayamba kuchepa. Munda umene agogo ankalima okha wagawidwa kwa ana aakazi, kenako kwa zidzukulu, mpaka aliyense watsala ndi kachigamba. Ichi ndicho chimachititsa mabanja achinyamata a ku Angónia kusamukira ku Macanga ndi ku Chifunde, kumene thengo lidakalipo.

Kodi Achewa a ku Tete anachokera ku Malawi?

Ayi. Achewa anali kuno dziko la Malawi ndi la Mozambique asanakhaleko monga tikuwadziwira lero. Ufumu wa Undi, umodzi mwa maufumu a Amaravi, unali ndi likulu lake ku Mano, dera limene lili m'chigawo cha Tete, kumpoto kwa Zambezi. Malire amene tili nawo anadulidwa ndi pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891, ndipo mzerewo unadutsa pakati pa mbumba, minda ndi manda a anthu amodzi.

N'chifukwa chake chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule wamkulu wa ku Chifunde ndi wa ku Dedza ndi mmodzi.

Amene akufuna kuona malirewa ndi maso apite ku Lizulu tsiku la msika. Msewu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire momwemo: mbali ino Mozambique, tsidya la msewu Malawi. Mayi amasenza dengu la kachewere kuchokera kumunda kwake, kudikira galimoto idutse, n'kuwoloka phula, ndipo wafika dziko lina. Akagulitsa amalandira makwacha, akagula sopo ndi mchere n'kubwerera kukaphika nsima kwawo. Pa mapepala a akatswiri uku n'kuwoloka malire a mayiko, koma mayiyo wangopita kumsika.

Nanga Angoni anabwera liti?

Angoni anachokera kum'mwera kwa Africa pa nthawi ya nkhondo za Shaka. Gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Gulu lina, la Maseko, linadzakhazikika m'dera la phiri la Domwe, ndipo dzina loti Angónia linachokera kwa iwowa. Anakwatira Achewa, ana awo anatenga chiyankhulo cha amayi awo, ndipo lero mbadwa zawo zimayankhula Chichewa koma zimasunga ngoma ndi maina a mafuko awo.

Mitundu ina ya m'chigawo muno nayonso ili ndi mbiri ya ulendo. Anyungwe ali mumzinda wa Tete, Changara ndi Moatize, Asena ku Mutarara, Ansenga ndi Achikunda cha ku Zumbo.

Matchona amene agogo athu amawatchula anali ndani?

Anali amuna amene anapita kukagwira ntchito kunja n'kukhalitsa, ena osabwereranso. Pa nthawi ya Apwitikizi anthu ankathawa zinthu zitatu: msonkho, chibalo chimene munthu ankagwidwa kukagwira ntchito mokakamizidwa, ndi palmatória, chikwapu chathabwa chomenyera m'manja. Kutsidya la malire, ku Southern Rhodesia (Zimbabwe wa lero), kunali minda ya fodya ndi migodi yolipira ndalama. Mu 1913 maboma awiriwa anafika posainirana pangano lolola kuti ku Tete kuzilembedwa anthu okagwira ntchito ku Rhodesia, koma ambiri ankangonyamuka okha wapansi. Nkhondo ya ku Barue yolimbana ndi Apwitikizi ya 1917 itatha, anthu enanso ochuluka anathawira ku Rhodesia ndi ku Nyasaland (Malawi wa lero).

Zotsatira zake zinali ziwiri. Kumudzi kunkatsala amayi, ana ndi okalamba, ndipo ntchito yonse ya kumunda inkagwera akazi. Kunjako kunabadwa mbadwo wa anthu athu amene sanaonepo Tete. Mpaka lero m'mafamu ndi m'migodi yakale ya ku Zimbabwe muli mabanja oyankhula Chichewa, ovina gule, amene makolo awo anachokera kuno ndi ku Malawi, ndipo ambiri a iwo akhala akuvutika kupeza ziphaso za dziko lililonse.

Damu la Cahora Bassa linasamutsa anthu angati?

Oposa 25,000. Ntchito yomanga inayamba mu 1969, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, n'kupanga nyanja ya masikweya kilomita pafupifupi 2,700. Imene inamira inali nthaka yabwino kwambiri ya m'chigwa, madimba amene ankapatsa anthu chakudya kawiri pachaka, pamodzi ndi manda a makolo.

Kusamutsaku kunachitika m'kati mwa nkhondo ya ufulu. Frelimo, gulu lomenyera ufulu, inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo asilikali a Apwitikizi anayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi yolonderedwa yotchedwa aldeamentos pofuna kuwalekanitsa ndi omenyera ufulu. Anthu amene ankakhala motalikirana, aliyense pafupi ndi munda wake, anapanikizidwa malo amodzi, ndipo njala ndi matenda zinapha ambiri. Pa 16 Disembala 1972 asilikali anapha anthu osachepera 385 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, pafupi ndi mzinda wa Tete. Mu 2022 António Costa, amene panthawiyo anali nduna yaikulu ya Portugal, anapepesa za kuphaku. M'zaka zimenezo anthu ambiri anathawira ku Malawi ndi ku Zambia.

Pa nkhondo ya zaka 16 anthu anathawira kuti?

Nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo ndiyo inasuntha anthu ambiri kuposa china chilichonse m'mbiri ya chigawo chino. Kuthawa kwakukulu kunayamba mu 1986. Pofika 1992 Malawi ankasunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndiye kuti pa anthu 10 alionse okhala m'Malawi, mmodzi anali wathu. Ambiri anachokera ku Tete ndi ku Zambézia. A ku Mutarara anawolokera ku Nsanje, kumene othawa anachuluka kuposa eni boma, ndipo msasa wa Mankhokwe unali ngati mzinda. A ku Moatize analowera ku Mwanza. A ku Chifunde ndi Marávia ena anapita ku Ukwimi, m'dera la Petauke ku Zambia, ndipo a ku Changara anatsikira ku Zimbabwe.

A ku Angónia ndi Tsangano nkhani yawo inali yosiyanako. Ambiri sanalowe m'misasa. Anakafikira kwa abale ku Dedza ndi ku Ntcheu, mafumu akumeneko n'kuwapatsa pomanga. Ena ankagona ku Malawi, m'mawa n'kuzemba kukalima minda yawo kuno, khutu lili tcheru kumvera mfuti. Ubale umene tafotokoza pa funso la Achewa ndi umene unapulumutsa anthu amenewa.

Tisaiwale kuti njirayi inayendedwanso mobwerera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mboni za Yehova zikwizikwi zothawa chizunzo ku Malawi zinasungidwa ku Mlangeni, mbali ya kuno.

Nkhondo itatha, kodi onse anabwerera?

Ambiri anabwerera. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera ku Mozambique kuchokera m'mayiko oyandikana nafe pofika 1995, ndipo Tete analandira gawo lalikulu. A pafupi ndi malire sanadikire galimoto za bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR. Anazula mitengo ya madenga, kusenza mphika ndi khasu, n'kuyenda wapansi. Anapeza minda itasanduka tchire, sukulu ndi zipatala zitagumulidwa, ndipo m'njira zina munali mabomba okwirira.

Ena anatsala kumene anathawira chifukwa cha ukwati kapena ntchito. Obwererawo anadza ndi zatsopano: ana ophunzira m'Chingelezi ndi m'Chichewa osati m'Chipwitikizi, luso lolima fodya ndi feteleza, ndi chizolowezi chowerengera ndalama m'makwacha. Mabanja amene anabalalika atakumananso, ana anabadwa ambiri, ndipo ana amenewo ndi amene ali makolo lero.

Kuthawa kunabwereranso mu 2015 ndi 2016, pamene kumenyana kunabuka m'madera a Moatize ndi Tsangano. Anthu pafupifupi 10,000 anawolokera m'mudzi wa Kapise ku Mwanza, ndipo ena anasamutsidwira kumsasa wa Luwani ku Neno.

Amalawi amene tikuwaona m'minda yathu akudzatani?

Akudzafuna ganyu ndi malo. Ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe minda inachepa kale kuposa kuno. Ulimi wa fodya utakula ku Angónia, Macanga ndi Chifunde nkhondo itatha, ndipo fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco itatsegulidwa mumzinda wa Tete, alimi anafuna manja ambiri odziwa kufesa nazale, kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya. Amalawi ntchitoyi anakulira nayo. Ambiri amabwera nyengo ya dzinja, amadya kwa mwini munda, n'kulipidwa fodya akagulitsidwa. Ena amabwera chaka cha njala kudzagwira ganyu wolipidwa chimanga. Kulinso amene amatsata golide m'migodi ing'onoing'ono ya ku Chifunde ndi Macanga.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa fodya izi n'zoona. Chimene chimatimvetsa chisoni ndi chakuti wantchito wopanda chiphaso ndi wosavuta kumubera. Alipo eni minda amene nyengo ikatha amaopseza kuti akamunenera kupolisi, munthu n'kubwerera kwawo chimanjamanja atagwira ntchito chaka chathunthu. Agogo athu ankachitidwa zomwezo m'mafamu a ku Rhodesia, ndipo sitiyenera kuzilekerera m'midzi mwathu.

Migodi ya malasha ya ku Moatize inasintha chiyani?

Inakoka anthu ena, n'kukankha ena. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa mgodi wa Moatize mu 2004, ndipo inayamba kutulutsa malasha mu 2011. Mgodi wa Benga unayambidwa ndi Riversdale, unagulidwa ndi Rio Tinto mu 2011, kenako ndi ICVL ya ku India mu 2014. Vale nayo inagulitsa mgodi wake kwa Vulcan mu 2022. M'zaka za chipwirikiti cha malasha kunabwera anthu ochokera ku Maputo, Beira, Zimbabwe, South Africa, Brazil, Portugal ndi India. Lendi ya nyumba inakwera, mahotela anamera, ndipo mu 2014 anatsegula mlatho wachiwiri wa mzinda wa Tete pa Zambezi, wa Kassuende. Mtengo wa malasha utagwa, ambiri anachotsedwa ntchito. Akunja anakwera ndege, koma achinyamata ochokera kumidzi anatsala m'tauni kumayendetsa njinga zamoto ndi kugulitsa m'misewu.

Okankhidwa ndi amene ankakhala pamwamba pa malashawo. Mu 2009 ndi 2010 Vale inasamutsa mabanja 1,365 ochokera ku Chipanga, Mithethe, Malabwe ndi Bagamoyo. Oposa 700 anapititsidwa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, ndipo ena ku dera la 25 de Setembro m'tauni momwemo. A ku mgodi wa Benga anapititsidwa ku Mualadzi.

Munthu wongofika ku Cateme amaona nyumba za simenti zofoleredwa ndi malata, zili m'mizere, ndipo angaganize kuti anthuwa anapindula. Koma funsani mmene ankakhalira kale. Ankalima m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, kuumba njerwa, kuotcha makala, n'kukagulitsa kumsika wa Moatize wapansi kapena pa njinga. Kumalo atsopano anapeza minda yamiyala, madzi ovuta, msika uli kutali, ndipo makoma a nyumba zina anayamba kung'aluka pasanapite nthawi. Pa 10 Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji yonyamula malasha, apolisi n'kuwabalalitsa mwankhanza. Munthu wochoka mwa kufuna kwake amayamba wakaona malo, kulawa madzi ake ndi kufunsa za nthaka. Anthu a ku Cateme sanapatsidwe mpata woterowo.

Lamulo limati chiyani kampani ikafuna kutisamutsa?

Malinga ndi lamulo la malo la 1997, nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma anthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Mudzi kapena banja lokhala pamalo motsata mwambo lili ndi ufuluwu ngakhale lilibe pepala, chimodzimodzinso nzika imene yakhala pamalo mwachilungamo zaka 10. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa.

Zitachitika za ku Cateme, boma linatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu mu Ogasiti 2012, odziwika kuti Decreto 31/2012. Amafuna kuti pakhale misonkhano yofunsa maganizo a anthu, ndiponso kuti osamutsidwa akhale ndi moyo wofanana kapena woposa wakale. Malangizo athu ndi awa: musavomere malo amene simunakawaone, onani minda ndi madzi musanayang'ane nyumba, lonjezo lililonse lilembedwe, nkhani ya manda ikambidwe poyera, ndipo amayi ayankhule okha pamsonkhano, chifukwa kwa ife Achewa munda umayenda ndi mbumba. Izi zikhudza posachedwa anthu okhala m'dera limene akufuna kumanga damu la Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa.

Mzinda wa Tete ukukula bwanji?

Unali ndi anthu pafupifupi 155,000 mu 2007, ndipo mu 2017 anapitirira 300,000. Apa ndi pamene obwera ali ndi gawo lalikulu, koma ambiri a iwo ndi ochokera m'maboma a chigawo chomwechi. Madera ngati Matundo ndi Chingodzi, kutsidya la mtsinje, akula mofulumira kuposa mipope ya madzi ndi ngalande. Wosauka amamanga pamene papezeka malo, ndipo nthawi zambiri pamakhala pachidikha.

Kodi chilala ndi kusefukira kwa madzi zimasamutsanso anthu?

Inde. Ku Mutarara, kumene Shire amathira mu Zambezi, madzi osefukira a 2001, 2007 ndi 2008 anachititsa boma kusamutsira mabanja ambiri kumtunda. Ambiri amagona kumtundako koma amalimabe kuchigwa, poti ndi kumene kuli chinyontho. Mu Malichi 2019 Revúbuè anasefukira m'nyumba za ku Chingodzi ndi Matundo, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pamtsinjewu pakati pa Tete ndi Moatize. Chilala, monga cha 2016 ndi cha 2024, chimasamutsa anthu mwakachetechete. Bambo amagulitsa mbuzi n'kupita kukafuna ganyu, mnyamata amapita kukagwira kapenta ku Cahora Bassa, ndipo ena sabwereranso.

Kukhala ndi ana ambiri chonchi ndi dalitso kapena vuto?

Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti pafupifupi 47 pa anthu 100 alionse m'Mozambique ndi ana osakwana zaka 15. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti mayi mmodzi amabereka ana pafupifupi 5.9 pa moyo wake, ndipo wa 2022 ndi 2023 anapeza 4.9. Kubereka kukutsika, koma pang'onopang'ono, pamene imfa za ana zatsika kwambiri chifukwa cha katemera, maukonde a udzudzu ndi kuchilira kuchipatala. Ana amene kale akanamwalira akukula, ndipo ichi n'chinthu chokondweretsa.

Vuto lili pa liwiro. Dera lokula ndi anthu 4 pa 100 pachaka, monga Tete anachitira pakati pa 2007 ndi 2017, limawirikiza kawiri m'zaka 18. Sukulu, aphunzitsi, mijigo ndi zipatala ziyenera kuwirikiza m'zaka zomwezo kuti tingokhala pamene tili. Munda sumawirikiza. Ngakhale banja lililonse litayamba kulera lero, tidzachulukabe kwa zaka zambiri, chifukwa amene adzabereke mawa anabadwa kale.

Chimene chimasintha zinthu msanga ndi msinkhu umene mtsikana amayambira kubereka. Wokwatiwa ali ndi zaka 15 amabereka ana ambiri, ndipo amakhala pangozi pochira, kusiyana ndi womaliza sukulu. Kuyambira 2019 lamulo la Mozambique limaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo limalanga makolo ndi ankhoswe ovomereza. Anamkungwi ndi mafumu ali ndi mphamvu pa nkhaniyi kuposa ofesi iliyonse.

Kodi chikamwini nachonso chimawerengedwa ngati kusamuka?

Inde, ngati munthu wachoka dera lina kukakhazikika kwina. Ukwati ndi chimodzi mwa zifukwa zofala zosamukira kumidzi. Pa chikamwini amasamuka ndi mwamuna, pa chitengwa ndi mkazi. M'midzi ya m'malire mkamwini wochokera ku Dedza amalembedwa kuti ndi wobadwira kunja, ngakhale kwawo kukuoneka ali pakhonde.

Anthu a ku Ethiopia amene amagwidwa m'malori amapita kuti?

Amapita ku South Africa. Msewu wochokera ku Zóbuè kapena ku Calómuè, kudutsa mumzinda wa Tete mpaka ku Cuchamano, ndi mbali ya njira yaitali yochokera ku Ethiopia ndi Somalia kudzera ku Kenya, Tanzania ndi Malawi. Ozembetsa anthu amawalipiritsa ndalama zambiri n'kuwalonga ngati katundu. Pa 24 Malichi 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa chifukwa chosowa mpweya m'kontena ya lori ku Mussacama, m'boma la Moatize, ndipo 14 okha ndi amene anapulumuka. Anyamata athu opita ku Joni opanda pasipoti amayenda gawo la njira yomweyo, m'manja mwa anthu a mtundu womwewo.

Ndinabadwira kumsasa ku Malawi makolo anga ali othawa nkhondo. Ndine nzika ya dziko liti?

Malamulo aakulu a Mozambique amalola mwana wa bambo kapena mayi wa ku Mozambique kukhala nzika ngakhale anabadwira kunja, bola anene kuti akufuna kutero. Akakwana zaka 18 amanena yekha, akakhala wamng'ono amamunenera makolo. Pitani ku ofesi ya Registo Civil ya m'boma lanu ndi chikalata chilichonse cha makolo anu, pamodzi ndi mboni zokudziwani ndi kalata ya mfumu kapena mlembi wa dera lanu. Mukalembetsa kubadwa ndi pamene mungapeze BI, chiphaso cha unzika. Musazengereze, chifukwa kholo lopanda chiphaso limavutika kulembetsa ana ake, ndipo mwanayo amakakanika pa mayeso, ku banki ndi pofuna ntchito.

Kalembera amawerenga ndani, ndipo wotsatira adzachitika liti?

Amawerenga aliyense wopezeka m'dziko pa usiku woikidwa, nzika ndi mlendo yemwe, ndipo amafunsanso za a pabanja amene achokapo kwakanthawi. Chidziwitso cha kusamuka chimachokera ku mafunso onena za kumene munabadwira ndi kumene munkakhala zaka zapitazo. Chilandirire ufulu, Mozambique yachita kalembera mu 1980, 1997, 2007 ndi 2017, ndipo wotsatira akuyembekezeka mu 2027.

M'midzi ya m'malire anthu ena amabisa antchito awo, akamwini ochokera kutsidya, ana olumala, ngakhale khanda limene silinatuluke m'chikuta. Ena amaopa msonkho, ena amaopa a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Wowerenga anthu si wapolisi, ndipo lamulo limamuletsa kuulula mayankho a banja lanu. Boma likamagawa aphunzitsi, mankhwala ndi mijigo limayang'ana manambala omwewo, choncho mudzi wa anthu 900 ukalembetsa 600 udzalandira za anthu 600 mpaka kalembera wina, patatha zaka 10. Wowerenga akafika, mutchulireni aliyense amene anagona pakhomopo usiku umenewo, kuyambira khanda mpaka wa ganyu wogona m'chigafa.